Chilungulira cha Apongozi

Ana anga, mwakhala mukundivutitsa kuti ndilembe za ntchito yanga, ati bambo mukamangokhala pakhonde mukalamba msanga. Chabwino, ndalemba. Za ubwana wanga ku Dedza ndazidumpha, mulibemo kanthu koma mbuzi ndi mphere. Ndiyambira pomwe ndinavala gauni yoyera. Pa pepala la boma ndinali medikala asisitanti, koma kumudzi aliyense wovala zoyera ndi adokotala, ndipo ine sindinkakana ayi, dzinalo linkandikomera. Mutu uno ndi wa matenda a m'mimba, amene ndinadyera malipiro zaka makumi atatu ndi mphambu, komanso ndi wa agogo anu a kwa Mponda. Takondwa, iwe ukuwakumbuka. Enanu munangomva kuti anamwalira ndi m'mimba. N'zoona, koma pali zina zimene sindinakuuzeni.

Chaka choyamba, kumapiri a ku Chowe

Ananditumiza ku kachipatala kena kakumtunda, njira yake yodzera ku Chowe. Ndinafika pa lole ya chimanga, sutikesi pamiyendo, mutu utadzaza mabuku. Mkulu wa pamalopo anali a Kaliwo, bambo wamfupi, wadazi, woyenda pa njinga yopanda mabuleki, amene anali atagwira ntchito m'boma la Mangochi mpaka Chiyao chawo kuposa cha eni ake. Tsiku loyamba lomwelo anandikhazika pa tebulo lawo, iwo n'kukhala pa benchi kumbuyo kwanga ngati wodwala. Analowa bambo wina wa chisoti choyera cha Chisilamu, atagwira pamimba. Ndinamufunsa chomwe chamubweretsa, iye anati, "M'mimba, adokotala." Ine mwachangu, pofuna kuonetsa kuti sukulu ndinapitadi, ndinayamba kulemba mankhwala. A Kaliwo anangotambasula dzanja n'kundilanda cholembera.

"Mwawafunsa kuti m'mimba muti?" anandifunsa. Ndinati m'mimba ndi m'mimba basi. Anaseka mpaka kutsokomola. "Achimwene, kuno munthu akati m'mimba akhoza kukhala akunena pachifuwa, pamchombo, m'chiuno, chikhodzodzo, ngakhale mkazi wake amene wathawa. Tafunsani." Kenako anamufunsa okha, ine ndikumvera: zayamba liti, aloze ndi chala chimodzi pamene pakupweteka, kodi chakudya chikulowa, kodi thupi likutha. Atafika pa funso lomaliza anafunsa ngati akufunsa mtengo wa tomato: "Nanga chimbudzi chikutuluka chotani?" Bambo uja anayang'ana pansi, n'kumakanda mwendo. A Kaliwo anati, "Bambo, mbewa yamanyazi inafera kuuna. Ine ndilibe galasi loonera m'mimba mwanu. Chimene mwasiya kuseri kuja ndiye kalata yokhayo imene mimba imatilembera, ndiye tiwerengereni." Munthuyo ananong'ona kuti muli magazi ndi zonanda, tsiku lachinayi tsopano. Anali kamwazi. Ine ndinali nditayamba kumulembera mankhwala a chilungulira.

Mankhwala kumeneko ankabwera mwa apo ndi apo. Mwezi wina mashelefu ankadzaza, mwezi wina munkangotsala asipirini ndi chibotolo cha maginiziyamu, mankhwala oyera aja a chilungulira. Inalinso nthawi imene abale athu a ku Mozambiki ankawoloka malire kuthawa nkhondo, ana awo akutsegula m'mimba mpaka maso kulowa m'kati. Timapaketi ta mchere ndi shuga tikatha, tinkawiritsa madzi mumphika waukulu n'kusakaniza tokha, mayi aliyense n'kumupatsa kapu ndi supuni kuti azimwetsa mwana pang'onopang'ono, woyamwa asaleke kuyamwa. Ana amene m'mawa unkaganiza kuti sapenya dzuwa la masana, pofika madzulo ankakhala tsonga n'kumalirira phala. Zimenezo ndinaziona ndi maso angawa, ndipo mpaka lero sindiderera kapu ndi supuni.

A Kaliwo ankati matenda ambiri a m'mimba safuna piritsi, amafuna munthu womva. Wodzimbidwa ankamuuza kuti amwe madzi ambiri, adye papaya ndi masamba, asiye kaye ufa woyera abwerere ku mgaiwa. Wa chilungulira ankamufunsa kadyedwe kake. Akamva kuti amadya kamodzi patsiku, chimbale chodzaza, tsabola pamwamba, kenako n'kugona pomwepo, ankagwira m'chiuno. "Ndiye mukufuna ine nditani? Thumba mwalidzaza mpaka pakamwa, mwaligoneka pansi, mukudabwa kuti likutayikira? Muzidya pang'onopang'ono, ndipo mukadya muzikhala kaye tsonga." Anthu ankachoka akunyinyirika poti ankafuna jakisoni, koma ambiri sankabweranso ndi vuto lomwelo. Komabe panali zinthu zimene akangozimva, nthabwala zinkathera pomwepo. Chimbudzi cha magazi, kapena chakuda bii ngati phula la mumsewu. Kusanza magazi. Chakudya kukakamira pakhosi. Munthu kuonda osadziwa chifukwa. Mimba kuuma gwa, mwini wake osalola kuti uikhudze. Mwana wotsegula amene wasiya kumwa. Ndipo munthu amene sanadwalepo chilungulira moyo wake wonse n'kuchiyamba atakula, masabata n'kumapita osasiya, ameneyo ankati usamupatse botolo n'kumuiwala, umutumize ku boma akamuone madokotala enieni.

Ndinaphunzira, ndipo pa nkhani ya chimbudzi ndinamupitirira mphunzitsi wanga. Ndinkafunsa aliyense, ashehe, abusa, aphunzitsi, ndi nkhope youma. Munthu akazemba ndinkabwereza: "Chotani? Ndafunsa kuti chotani?" Sipanathe chaka anthu ananditcha Che Chotani, ndipo dzinalo linanditsata kulikonse kumene ndinagwira ntchito. Ndinkanyadira nalo, musaseke.

Chaka chachisanu ndi chiwiri, kutsidya kwa nyanja

Anandisamutsira ku kachipatala kena ka m'mbali mwa nyanja, kupitirira Malindi, ndipo kumeneko mkulu ndinali ine. Tinalipo awiri basi, ine ndi namwino, Mayi Chiwaya, mayi wonenepa, wosalankhula zambiri, koma akalankhula unkamva kuwawa mpaka mawa lake. Odwala athu ambiri anali asodzi ndi mabanja awo. Amenewo dzinja likafika ankatsegula m'mimba chifukwa chomwa madzi a m'nyanja osawiritsa, ndipo ukawauza ankati makolo awo ankamwa omwewo. Ine ndinkawayankha kuti n'zoona, ndipo makolowo ali kuti?

Apa n'kuti nditakwatira kale amayi anu. Ndinawaona ku boma tsiku limene ndinapita kukatenga mankhwala, akuthandiza amayi awo kugulitsa nsomba pamsika. Zoti mnyamata wa ku Dedza, wa tchalitchi, analoledwa bwanji pakhomo la Asilamu a kwa Mponda, muziwafunsa amayi anu, amaifotokoza bwino ndi iwo, amawonjezeramo ndi zabodza zomwe. Amene ananditsegulira njira anali agogo anu, Abiti Lajabu. Anali mayi wamasiye, wamtali, wa mawu aakulu. Kudoko asodzi ankawaopa potsatsa malonda, ndipo beseni la nsomba limene amuna awiri ankathandizana kukweza, iwo ankalisenza mpaka kumsika osapumira. Sindinamvepo kuti adwala, ngakhale chimfine.

Tsono inu a masiku ano, amene mumakhala pa sofa imodzi ndi apongozi anu n'kumaonera nawo mpira, mwina simumvetsa. Zaka khumi zinatha ine ndisanawaonepo agogo anu akudya, iwonso asanandione ine ndikudya. Tikakumana panjira ankapatuka, moni tinkapatsana chakumbali, maso pansi. Ndikapita kwa Mponda ndinkakhala pansi pa mtengo wa mango, iwo kuseri kwa mpanda, mawu n'kumadutsa m'mabango. Musaganize kuti panali chidani. Ulemu wake unali umenewo, kwathu ku Dedza ndi kwawo komwe, ndipo tonse tinkausunga mokondwa. Chambo chachikulu kuposa zonse ankachipatula, ati ichi n'cha akamwini. Kumsika ankauza aliyense, wofunsa ndi wosafunsa yemwe, kuti mkamwini wawo ndi dokotala. Ndinkawakonda mayi amene uja, ngakhale nkhope yawo ndinkaidziwa chakumbali kokha.

Chaka chakhumi ndi chimodzi

Inali nthawi ya mango oyamba. Amayi anu ankapita kwa Mponda kamodzi pamwezi, ndipo ulendo wina atabwerako anandiuza kuti, "Bambo a Takondwa, amayi akuti chilungulira chikuwavuta." Ndinati amayi aja amakonda tsabola, awauze achepetse, asamagone akangodya. M'mawa mwake ndinathira maginiziyamu m'botolo n'kupatsira woyendetsa matola. Mwezi wotsatira uthenga unabwera kuti mankhwala aja amathandiza pang'ono, atumizenso. Ndinatumiza. Kenako kunabwera Ramazani, ndipo amayi anu anati agogo akaonda, akangodya pang'ono akuti akhuta. Ine ndinati ndi kusala kumeneko, mimba imafota, zidzabwerera. Ndinatumiza botolo lachitatu, n'kuwonjezera mapiritsi. Lachinayi, lachisanu, sindikumbukanso bwino.

Taonani bwino apa. Mayi wamkulu, wosadwalapo chilungulira, wachiyamba atakula, miyezi ikupita, akuonda, akukhuta msanga. Akanakhala mkazi wa msodzi aliyense atakhala pa benchi yanga, sakanatuluka pakhomo ndisanamufunse funso langa lija, ndipo tsiku lomwelo akanakwera galimoto ya ku boma. Sikuti sindinkadziwa. Funsolo linkafika pakamwa, ndikawayang'ana amayi anu, n'kubwerera lokha. Ndingatchule bwanji chimbudzi cha apongozi, ngakhale kwa mwana wawo? Ndiye ndinkadzinamiza kuti chikanakhala chachikulu akananena okha, poti wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Che Chotani, wofunsa ashehe ndi abusa, anakhala duu miyezi isanu ndi iwiri.

Titakolola kunali sadaka yokumbukira malemu malume a amayi anu, ndipo tonse tinapita kwa Mponda. Ndili pansi pa mango paja ndi amuna anzanga, ndinaona mayi wina akuchokera kumjigo ndi kandowa kakang'ono. Anayenda pang'ono, n'kutula, n'kukhala pansi. Anadzuka, anayendanso, n'kukhalanso. Ndinafunsa amene ndinakhala naye pafupi kuti mayi wodwalayo ndi ndani. Anandiyang'ana modabwa. "Si apongozi anu amenewo?" Abale inu, mpunga umene ndinali nditatapa ndinaubwezera m'mbale. Chitenje chinali chitawazungulira kawiri, zibangili zija zinkatsetsereka mpaka m'chigongono. Podzandipatsa moni kuseri kwa mpanda anawomba m'manja, ndipo pa mpata wa mabango ndinaona zikhatho zawo zili mbuu ngati za munthu wogwira ufa. Magazi anali akutha m'thupi, ndipo ndinadziwa kuti akutulukira penapake.

Ndinawakokera pambali amayi anu. Ndinati, "Mayi a Takondwa, pitani mukawafunse amayi kuti chimbudzi chawo chikutuluka chotani." Anagwira pakamwa. "Iii, bambo a Takondwa, pa sadaka pano?" Ndinati pomwe pano. Anapita, anakhalako nthawi, pobwera maso ali kumbali anati, "Akuti zili bwino." Ndinawatumanso kuti akawauze kuti mawa apite kuchipatala ku boma, poti ndi pafupi, munthu wathanzi amangoyenda pansi. Yankho linabwera loti chilungulira sapita nacho kuchipatala, anthu angawaseke.

Sabata yotsatira ndinawapempha Mayi Chiwaya kuti apiteko, poganiza kuti akazi okhaokha amasukirana. Anapita Loweruka. Lolemba m'mawa ndinawapeza akupukuta tebulo, osandiyang'ana. Ndinafunsa kuti zayenda bwanji. Anati, "Andiphikira chambo, ndadya, andiperekeza. Mimba akana kuti ndiigwire. Mafunso anga onse ayankha ndi mawu amodzi." Ndinafunsa mawu ake. Anasiya kupukuta. "Akuti, mkamwini wanga ndi dokotala, chikanakhala chachikulu akanandiuza. Achimwene, amene akuwatsekereza mayi aja kupita kuchipatala si manyazi awo ayi. Ndi mabotolo anu."

Ndinakwiya, chifukwa zinali zoona. Masiku atatu ndinagwira ntchito ngati munthu wobwereka mutu. Ndinkadziwa kuti palibe wina amene angawasunthe koma ine, ndi pakamwa pangapa. Koma ndinkadziwanso mmene nkhani imayendera kwa Mponda: mkamwini wa Abiti Lajabu, Mchewa uja, wawafunsa apongozi ake za kuchimbudzi. Achibale amene anandilandira monyinyirika akanapeza ponenera, amayi anu akanayenda chowerama, ndipo agogo anu, amene anandiikira kumbuyo pamaso pa abale awo onse, ndikanawavula pagulu. Ndinaganizapo zolemba kalata, koma sankawerenga, ndipo wowawerengera akanakhala munthu winanso. Tsiku lachinayi ndinagula nkhuku, ndinawauza amayi anu kuti avale tizipita.

Titafika, amayi anu atamva chimene ndadzera, anatenga ndowa n'kuthawira kumjigo. Linali dzuwa la m'mawa, agogo anu ali pamkeka kuseri kwa mpanda. Ndinaika nkhuku pansi pomwe akanatha kuiona.

"Odi, amayi."

"Odini, akamwini. Kwagwanji pakati pa sabata? Ana ali bwino?"

"Ali bwino. Nkhukuyi ndi yopepesera pakamwa panga, chifukwa lero palankhula zosayenera."

Ndinakhala pa chitsa nditafulatira mpanda. Mawu onse amene ndinakonza pa matola anathawa. Ndiye ndinangoyamba zimene zinabwera. Ndinati, "Amayi, ndabwera kudzapempha nzeru. Kuchipatala kwathu kuli mayi wina, wa msinkhu wanu, wa chilungulira. Ndamupatsa mankhwala miyezi isanu ndi iwiri, sakuchira. Pali mafunso amene ndikuopa kumufunsa."

Kenako anafunsa, "Mayi wakeyo ndi wamwano?"

"Ayi, ndi waulemu kwambiri. Vuto lake ndi lomwelo."

Ndinamva kakuseka kofooka m'mabangomo. "Tandifunsani ine, mwina ndingamuyankhire. Ife akazi timadziwana."

Ndinatseka maso ngati mwana womwa kwinini. "Mayi ameneyu akapita kuseri, chimene amasiya chimakhala chotani?"

"Chakuda. Ngati makala onyowa. Fungo lake si la munthu."

"Kuyambira liti?"

"Mango asanathe."

"Amasanza?"

"Anasanzapo kawiri, zakuda ngati masamba a tiyi otsalira m'kapu. Chakudya mbamu ziwiri wakhuta. Akaimirira dziko limazungulira." Kenako anawonjezera zimene sindinafunse. "Pansi pa nthiti, chapakati apa, pali kanthu kolimba. Amakagwira akamasamba. Kakukula."

Apo ndinadziwa. Ndinali nditagwirapo tinthu totero m'mimba mwa anthu ena, ndipo ndinkadziwa kumene ambiri a iwo anathera. Ndinalira, ana anga, bambo wamkulu, pa chitsa, nditafulatira mpanda. Nditapeza mawu ndinati, "Amayi, mayi ameneyu ayenera kupita ku boma lero, osati mawa. Si chilungulira. Ndipo adokotala ake anamulakwira kwambiri."

Anati, "Mayi ameneyo ankayesa adokotala akudziwa. Ankati poti akungotumiza botolo, ndiye kuti n'zazing'ono." Sananene mokalipa ayi, anangonena. Kenako ndinamva mkeka ukukhwekhwereza. "Tamuitanani mkazi wanu adzandithandize kuvala. Sindingapite kwa anthu ndi chitenje ichi."

Ku boma anawayeza n'kupeza kuti magazi atsala ochepa kwambiri. Anawaika magazi, nkhope inabwererako, mpaka anayamba kukalipira anamwino kuti phala lachepa mchere. Ine mtima unayamba kunama kuti mwina ndi zilonda za m'mimba chabe. Koma dokotala atagwira pansi pa nthiti paja anandiyang'ana, ine n'kumuyang'ana, ndipo analemba kalata ya ku Blantyre. Kumeneko anawalowetsa kachipangizo kounikira kudzera kukhosi. Inali khansa ya m'mimba, itafalikira kale ku chiwindi. Dokotala wake anali wamng'ono kwa ine, mwana wa dzulodzulo. Anandiitanira m'kachipinda, osadziwa kuti ndine ndani, n'kufunsa kuti mayiwa akhala akumwa chiyani nthawi yonseyi. Ndinati maginiziyamu. Anapukusa mutu. "Ndani ankawapatsa osawayeza?" Ndinati, "Ndine." Anachita manyazi ndi iye. Pofuna kunditonthoza anati matenda amenewa nthawi zambiri amaonekera mochedwa, mwina ngakhale akanabwera msanga sizikanasintha. Ndinamufunsa kuti nanga mwina zikanasintha? Anati zimenezo palibe angadziwe. Mawu akuti mwina amenewo ndakhala nawo mpaka lero.

Anabwerera kwa Mponda, poti anati akafere pamkeka pawo. Ndinatenga tchuthi. Mankhwala oletsa ululu ndinkawapatsa ndekha, ndinkalowa m'nyumba mwawo, iwo n'kufunda mpango kumaso, ine n'kuwagwira dzanja kufuna mtsempha. Achibale ena analankhuladi, monga ndinkaopera, koma agogo anu anatumiza mawu kuti amene ali ndi nkhani ndi akamwini abwere adzainene pamaso pawo akadali moyo. Palibe anabwera. Anamwalira kukutentha, mvula isanagwe, ndipo mpaka tsiku lomaliza sanandinenepo mawu oipa ngakhale amodzi. Zikanandipepukira akanandikalipira.

Zaka zotsatira

Nditabwerera ku ntchito ndinaika lamulo langalanga, ndipo ndinalisunga m'zipatala zina zitatu zimene ndinagwirako mpaka kupuma. Mankhwala a m'mimba sindinkaperekanso kwa munthu wotumidwa. Bambo akabwera kuti mkazi wanga m'mimba, tandipatsani timapiritsi, ndinkamufunsa kuti, "Mimba yakeyo mwabwera nayo?" Ankapsa mtima, ena mpaka kukandinenera kwa akuluakulu kuti ndine wouma mtima. Ndinkavomera. Uthenga wa matenda ukadutsa pakamwa pa anthu awiri, chimene chimafika ndi chokhacho chimene onse awiri sachita nacho manyazi. Inunso, ana anga, chilungulira cha tsiku limodzi, kudzimbidwa, kutsegula kwa masiku awiri munthu akumwa bwino, zimenezo thanani nazo pakhomo monga ndakuphunzitsani. Koma zikapitirira masabata awiri, kapena mwaona magazi, chakuda chija, kapena thupi likutha, musandiimbire foni ine kuti bambo ndimwe chiyani. Ndikukanizani. Pitani nokha mukakhale pa benchi, akufunseni, akugwireni.

Sabata yatha, pakhonde

Nditamaliza kulemba zonsezi ndinawawerengera amayi anu, poti maso awo masiku ano sagwira zolemba zanga. Ankasenda nandolo m'lichero. Pa nkhani ya a Kaliwo anaseka, pa nkhani ya ukwati anati ndine wabodza ndine. Nditafika pa sadaka paja anasiya kusenda. Ndinawerenga mpaka kumapeto, manja awo ali m'lichero.

Kenako anati, "Bambo a Takondwa, mwalemba ngati munalakwa nokha."

Ndinati nanga dokotala anali ndani.

Anati, "Amayi anandiuza. Ulendo wachiwiri uja, wa botolo lachiwiri, anandiuza kuti chikutuluka chakuda, ndikawauze akamwini. Ndinabwera nawo mawuwo njira yonse. Nditafika ndinakupezani mukudya, ndinati ndinena mukamaliza. Mutamaliza ndinati ndinena mawa. Pa sadaka paja sindinawafunse n'komwe, ndinangokaima kuseri kwa khitchini, chifukwa yankho ndinkalidziwa, ndipo ndinkaopa kuti mundifunsa kuti ndinadziwa liti."

Zaka zoposa makumi awiri tagona nyumba imodzi, aliyense atasenza mtolo wake mobisa, kuopa kumulemetsa mnzake. Ndinasendeza mpando wanga pafupi, ndinatapa nandolo m'lichero muja n'kuyamba kusenda nawo.

Patapita nthawi anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje, anati, "Lembani zimenezo. Ana adziwe kuti amayi anga ananena."

Ndalemba. Agogo anu ananena.